Dzanja la mandasi linandichititsa manyazi pa Khirisimasi

Abale anzanga, sabata ino tiyeni tiwapumitse andale, nawonso akadyeko Khirisimasi. Ine ndili kwathu ku Kachebere, kuno ku Mchinji, komwe tambala akalira amadzutsa anthu a mayiko awiri. Ndipo nkhani yanga lero ndi ya kukhitchini. Eee, mwamva bwino, mwamuna ndevu pepeya ndikukamba za fulawa.

Ambiri mumakudziwa ku Kachebere chifukwa cha seminale yaikulu ya Akatolika imene ansembe a White Fathers anatsegula mu 1939. Koma ine ndimakudziwa chifukwa cha agogo anga aamuna, amene paunyamata wawo anali khukhi wa mzungu wina wolima fodya kutsidyaku, nthawi imene Chipata inkatchedwa Fort Jameson ndipo boma lathu la Mchinji linali Fort Manning. Mzunguyo anapita kalekale. Chimene agogo anatsala nacho si penshoni ayi, koma luso lophika timakeke ta pa Khirisimasi totchedwa mince pie, timene iwo amati minsipayi.

Chaka chilichonse ena akamathamangitsa nkhuku ndi kusankha mpunga, agogo ankatiphikira minsipayi. Tsopano maso achita nkhungu ndipo manja akunjenjemera. Chaka chatha anandiitana pakhonde. "Iwe mdzukulu, ine dzuwa lapendeka. Kodi zimenezi ndipite nazo kumanda?" Mtima unandiwawa. Ndinavomera kuphunzira, ngakhale amalume anaseka mpaka kugwira nthiti, amvekere mphwawo sukulu yamusokoneza mutu.

Choyamba ndinafunsa kuti nyama yogaya tikagula kuti, poti dzinalo likunena nyama. Agogo anapukusa mutu. Minsipayi ya masiku ano mulibe nyama. Kale ku England ankaikamodi nyama ya nkhosa kapena ya ng'ombe pamodzi ndi zipatso zouma ndi zonunkhiritsa, koma pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 nyama ija anali ataisiya. Munatsala mphesa zouma, maapozi, shuga, sinamoni ndi mafuta olimba a ng'ombe. Dzina lokha ndilo linakakamira, ngati munthu amene amatchedwabe abwana ntchito itatha kale.

Ndiye tsiku loyesa linafika. Ine ndinakulira pambali pa amayi akukanda mandasi ogulitsa, ndiye ndinati apa palibe chachilendo. Agogo ali kutulo masana, ndinathira fulawa m'beseni, majarini amene anali atasungunuka kale ndi dzuwa, madzi kapu yodzaza, n'kuyamba kukanda ndi mphamvu zanga zonse. Zimene zinatuluka pamoto, abale, munthu ukanatha kumangira khola la nkhumba. Mlongo wanga analuma kamodzi n'kufunsa ngati chipatala cha mano chimatsegula pa holide. Safunsa anadya phula. Fulawa yense uja anapita pachabe, ndipo inu mukudziwa mmene zinthu za m'sitolo zinakwerera kuchokera pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Agogo atadzuka anagogoda kamodzi pa tebulo ndi chinjerwa changacho. "Dzanja lako ndi la mandasi. Mandasi amafuna ndewu, koma uyu amafuna ulemu."

Chinsinsi chake n'chakuti fulawa akakumana ndi madzi ambiri n'kukandidwa, amatulutsa kaulimbo kamene kamachititsa kuti mtanda uzitamuka. Pa buledi ndi mandasi ulimbo umenewo ndi wofunika. Pa minsipayi ndiye mdani. Apa tikufuna chikhungwa choti ukangoluma chizifumbutuka mkamwa. Choncho mafuta ayambe akuta fulawa madzi asanafike, ndipo mafutawo akhale olimba, osasungunuka.

Tamverani tsono muyeso wake, mudule pepalali musunge. Mafuta akhale theka la kulemera kwa fulawa. Ngati mulibe sikelo, gawani pakati paketi ya fulawa ya kilogalamu imodzi, theka limodzilo muphatikize ndi majarini wolimba wa magalamu 250 ndi kamchere kotsina ndi zala. Fikisani majariniyo mu fulawa ndi nsonga za zala zokha, osati chikhatho, poti chikhatho n'chotentha. Zikaoneka ngati nyenyeswa za buledi, thirani madzi ozizira supuni imodzi imodzi, pafupifupi masupuni 6, mpaka zigwirane. Mukatero lekani! Musakande. Phimbani mtandawo muuike pozizira kwa mphindi 30.

Muzifunsa kuti pozizira tipapeza kuti mu Disembala, kumudzi kopanda firiji. Azungu anayambitsa zimenezi Khirisimasi yawo imagwa m'nyengo yachisanu. Agogo njira anaipeza kale. Majarini amagona m'kachitini kotseka bwino m'kati mwa mtsuko wa madzi usiku wonse, ndipo ntchito imayamba m'mamawa dzuwa lisanatuluke. Popyapyalitsa mtanda timagwiritsa botolo lodzaza madzi a mumtsuko omwewo. Podula timagwiritsa kukamwa kwa tambula.

Nanga zoika m'kati? Mphesa zouma n'zodula, ndipo kuti uzipeze mpaka ukwere minibasi. Koma Disembala kuno mango amachita kuwolera pansi. Timadula mango osapsetsa, n'kuwaphika ndi shuga mpaka madzi aphwe, kenaka timathiramo khungu la ndimu lopala, sinamoni pang'ono ndi mtedza wokazinga wosinja. Za mtedza Mchinji sitichita kupempha kwa munthu. Zimenezi zizizire kaye musanaike pa mtanda, apo ayi mafuta aja asungunuka. Azungu amathiramo kaburande. Amalume anapereka maganizo a kachasu, koma komiti inakana.

Uvuni wathu ndi sefuliya yaikulu. Pansi timathira mchenga, pamwamba pa mchengawo timasanja tizitini tosaya topaka mafuta. M'chitini chilichonse mumalowa mtanda wozungulira, supuni imodzi ya mango aja, kenaka kachivindikiro ka mtanda koboola pakati kuti nthunzi izituluka. Sefuliya iyambe yatentha, ndipo makala ambiri akhale pa chivindikiro, pansi ochepa, monga timachitira ndi chigumu. Pakatha mphindi 20 kapena 25 zimakhala zafiirira.

Ulendo wachiwiri agogo anakhala pampando pafupi nane, ndodo ili m'manja. Ndikangoyamba kukanda, ndodo pa mkono, phwa! Zitapsa anatenga kamodzi, ananunkhiza, n'kuluma ndi mano awo atatu otsalawo. Anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka anati, "Mchere wachepa." Amene mumawadziwa agogo mukudziwa kuti pamenepo ndiye kuti ndakhoza mayeso. Amalume aja anadya tisanu, osaseka ngakhale pang'ono.

Chikundidetsa nkhawa n'chakuti m'midzi mwathumu muli nkhalamba zambiri zonga agogo. Ena anali makhukhi, ena amadziwa kufulula thobwa lokoma, ena kuphika chikondamoyo chosapserera. Ife achinyamata tili kalikiliki ndi mafoni, tikudikira kudzalira pa maliro kuti malemuwa ankaphika bwino. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambolo likauma tidzathawira kuti?

Khirisimasi ino musangopita kumudzi kukadya. Kakhaleni pafupi ndi mafuwa, mufunse, mulembe. Ine chaka chino ndikuphika ndekha, agogo ntchito yawo ndi kulawa basi. Mchere ndawonjezera.

Tionana sabata yamawa, ngati mano alipobe.