Akatswiri a maphunziro ochokera kunja: viza, msonkho ndi zimene mlimi ndi wamalonda ayenera kudziwa

Chaka chilichonse dziko la Malawi limalandira aphunzitsi a m'sukulu za ukachenjede, madokotala ochita kafukufuku ndi ophunzira a madigiri apamwamba ochokera kunja. Ena amakhala ku Chitedze, ku Bvumbwe kapena ku Bunda komwe amayesa mbewu. Ena amagwira ntchito m'zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ndi Kamuzu, ena amapita kunyanja kukaphunzira za nsomba za mbuna, pomwe ena amayenda m'midzi akufunsa anthu mafunso.

Wamalonda amene walipira msonkho wa katundu wake pachipata cha Mwanza kapena cha Songwe akamva kuti zipangizo za mlendo wotere zalowa popanda msonkho, amafuna kudziwa chifukwa chake. Mlimi amene wapemphedwa dothi la m'munda mwake kapena mbewu yamakolo naye ali ndi funso lake: kodi munthuyu wamuloleza ndani? Mafunso onse awiri ndi oyenera, ndipo malamulo a dziko lino ali ndi mayankho ake. Mfundo yaikulu ndi yakuti mwayi uliwonse umene katswiri wakunja amapatsidwa umachokera pa ntchito imene boma laivomereza, uli ndi malire, ndipo umatha ntchitoyo ikatha.

Viza ndi khomo lolowera chabe

Nthambi yoona za anthu olowa ndi otuluka m'dziko, yomwe ili pansi pa Unduna wa za Chitetezo cha M'dziko, ndiyo imapereka viza ndi zilolezo zokhalira m'dziko muno. Mu February 2024 boma lidachotsa viza kwa nzika za mayiko 79, kuphatikizapo United States, Britain, Germany ndi China, pofuna kukopa alendo odzaona malo ndi ochita malonda. Mndandanda wotere sukhala wamuyaya. Boma limauunikanso poona zofuna za dziko komanso mmene Amalawi akulandiridwira m'mayiko a eni, choncho mlendo aliyense ayenera kufunsa ku ofesi ya kazembe wa Malawi kapena kunthambiyi asananyamuke kwawo.

Chimene sichisintha ndi ichi: kaya munthu walowa ndi viza kapena dziko lake lidakhululukidwa viza, chidindo chimene amalandira pabwalo la ndege la Kamuzu kapena ku Chileka ndi cha mlendo wodzacheza. Chimamulola kukhala masiku 30, ndipo angathe kupempha kuti awonjezeredwe mpaka masiku 90. Katswiri wodzakhala nawo pamsonkhano wa sabata imodzi angathe kudalira chidindo chimenechi. Koma amene walembedwa ntchito yophunzitsa pasukulu ya ukachenjede ya kuno amafunika chilolezo chotchedwa Temporary Employment Permit, chimene amapempha ndi omulemba ntchitowo. Wodzaphunzira amafunika chilolezo cha ophunzira, ndipo wodzakhalitsa pazifukwa zina zovomerezeka amapempha chilolezo chokhala m'dziko kwa kanthawi. Kugwira ntchito yolipidwa ndi chidindo cha mlendo wodzacheza ndi kuphwanya lamulo, ngakhale munthuyo atakhala pulofesa wotchuka chotani.

Kafukufuku ali ndi chilolezo chakechake

Chidindo cha m'pasipoti sichipatsa munthu mphamvu yotenga magazi a ana, kukumba m'mabwinja kapena kulemba za chuma cha mabanja. Bungwe la National Commission for Science and Technology, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la sayansi ndi luso la 2003, ndilo limayang'anira kafukufuku m'dziko muno. Kafukufuku wa zaumoyo amaunikidwa ndi komiti ya National Health Sciences Research Committee kapena makomiti ovomerezeka a m'sukulu za ukachenjede, monga COMREC ya ku Kamuzu University of Health Sciences. Wokhudza chikhalidwe ndi moyo wa anthu naye ali ndi komiti yake. Katswiri wakunja amayenera kukhala ndi bungwe kapena sukulu ya kuno imene akugwira nayo ntchito, kuti pakhale Amalawi oyankha mafunso mlendoyo akabwerera kwawo.

Pamwamba pa zonsezi pali malamulo aakulu a dziko. Gawo 19 la malamulowa likuletsa kuchita kafukufuku wa zachipatala kapena wa sayansi pa munthu popanda chilolezo cha mwini wakeyo. Mfumu ingathe kulandira alendo m'mudzi, koma singavomere m'malo mwa munthu wamkulu amene akufunsidwa kuti apereke magazi kapena mbiri ya banja lake.

Msonkho wa malipiro

Lamulo la msonkho la dziko lino limayang'ana komwe ndalama yapezekera. Ndalama imene munthu wapeza pogwira ntchito m'Malawi imayenera kudulidwa msonkho m'Malawi, kaya wolandirayo ndi nzika kapena mlendo. Mphunzitsi wakunja amene ali pamndandanda wa malipiro a sukulu ya kuno amadulidwa msonkho wa PAYE monga anzake Achimalawi. Amene sanakwanitse masiku 183 m'dziko muno m'miyezi 12 amawerengedwa ngati wosakhala kuno, ndipo ndalama imene walipidwa kuchokera kuno imadulidwa msonkho wa anthu osakhala m'dziko, womwe ndi 15 peresenti.

Kukhululukidwa msonkho kumabwera m'njira ziwiri zikuluzikulu. Yoyamba ndi mapangano oletsa kudula munthu msonkho kawiri pa ndalama imodzi. Dziko la Malawi lili ndi mapangano otere ndi mayiko angapo, monga Britain, South Africa ndi Norway. Pangano la Britain ndi lakale kwambiri, la 1955, nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Mapangano ambiri a mtundu umenewu padziko lapansi amakhala ndi ndime yonena za aphunzitsi odzacheza ndi ophunzira, ndipo kawirikawiri mwayi wa mphunzitsi supitirira zaka ziwiri. Ndimezi zimagwira mbali zonse ziwiri: Mmalawi wokaphunzitsa kapena kukaphunzira kudziko linalo amatetezedwa chimodzimodzi. Njira yachiwiri ndi mapangano amene boma limasainirana ndi mabungwe a mayiko onse kapena maboma othandiza, omwe amafotokoza za akatswiri amene atumizidwa kuno ndipo akulipidwa ndi owatumawo.

M'njira zonse ziwiri, mlendo sadzikhululukira yekha. Bungwe lotolera msonkho la Malawi Revenue Authority ndilo limaona ngati munthuyo akukwanira m'panganolo. Ndipo katswiri wa maphunziro si kazembe: akagula sopo m'sitolo kapena kugona kumalo ogona alendo, amalipira msonkho wa VAT ngati wina aliyense.

Katundu wolowa popanda msonkho

Apa ndi pamene amalonda ayenera kutchera khutu kwambiri. Zipangizo zoyezera magazi, makina oyezera nthaka kapena galimoto ya pulojekiti zingathe kulowa popanda msonkho ngati bungwe lomwe likuitanitsa lakwaniritsa zimene lamulo la kasitomu likufuna. Zina zimalowa kwa kanthawi, pangano lake lili lakuti zidzatulukanso ntchito ikadzatha. Kusiyana kwake ndi katundu wa wamalonda n'koonekeratu: wamalonda amalowetsa katundu woti akagulitse ndi kupeza phindu, pomwe chipangizo cha kafukufuku sichiloledwa kupita pamsika.

Chifukwa cha ichi, katundu wolowa popanda msonkho sagulitsidwa, kusinthanitsidwa kapena kuperekedwa kwa munthu wina popanda chilolezo cha bungwe lotolera msonkho, ndipo nthawi zambiri msonkho umene udakhululukidwa umayenera kulipiridwa kaye. Pulojekiti ikamatha pamapezeka galimoto, majenereta, masola ndi makompyuta a mtengo wokopa. Wogula amene sanafunse mapepala a kasitomu angathe kulandidwa katunduyo, ndalama yake n'kulowa m'madzi pomwe wogulitsayo adakwera kale ndege.

Ndi bwinonso kudziwa kuti mwayi wa mlendo sufalikira kwa amene akuchita naye malonda. Mwini nyumba amene wachititsa lendi nyumba yake kwa katswiri wakunja amalipirabe msonkho pa ndalama ya lendiyo. Wamalonda woperekera chakudya, mafuta kapena zolembera kupulojekiti amafunika nambala ya msonkho ya TPIN ndi malisiti ovomerezeka. Dalaivala, womasulira ndi wolemba mayankho olembedwa ntchito ndi pulojekiti ali pansi pa malamulo a ntchito ndi a msonkho a dziko lino.

Chimene dziko limapeza

Msonkho uliwonse wokhululukidwa ndi ndalama imene ikadagula mankhwala kapena kukonza msewu, choncho n'koyenera kufunsa chimene dziko limalandira posinthana nayo. Akuluakulu adati mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo zitsanzo zake zilipo. Mtedza wa CG7, umene alimi ambiri amaudziwa, udatulutsidwa mu 1990 kuchokera muntchito imene akatswiri a bungwe la ICRISAT adagwira limodzi ndi Amalawi ku Chitedze. Mu April 2019 Malawi lidakhala dziko loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kwa ana kudzera m'ndondomeko yoyeserera ya bungwe la zaumoyo padziko lonse. Katemera wa taifodi, amene adayesedwa pa ana a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa kuyambira 2018, adafika m'dziko lonse mu 2023. Ku Uraha m'boma la Karonga, gulu lotsogozedwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage lidapeza mu 1991 chibwano cha munthu wakale cha zaka zoposa 2 miliyoni, ndipo ntchito imeneyi idathandiza kuti ku Karonga kumangidwe nyumba yosungiramo zinthu zakale imene imakopa alendo.

Komabe phindu lotere silibwera lokha. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ngati palibe Mmalawi amene waphunzira ntchitoyo, ngati zotsatira sizidabwerere kumudzi komwe zidatengedwa, ndiye kuti dziko lataya msonkho popanda kupeza kanthu. N'chifukwa chake Malawi ili m'gulu la mayiko amene adavomereza pangano la Nagoya, lomwe likunena kuti mbewu, zitsamba, tizilombo ndi nzeru zamakolo zisatengedwe popanda chilolezo, ndiponso kuti phindu lochokera m'zinthuzo ligawidwe mwachilungamo ndi eni ake. Zinthu zakale zokumbidwa pansi nazo zimatetezedwa ndi lamulo, ndipo sizituluka m'dziko mwachisawawa.

Udindo wa mlimi ndi wamalonda

Malamulo onsewa amagwira ntchito pokhapokha anthu a kumene kafukufuku akuchitikira akuwadziwa. Mlimi amene wafikiridwa ndi ochita kafukufuku ali ndi ufulu woona kalata ya komiti imene yavomereza ntchitoyo, kudziwa dzina la bungwe la kuno limene akugwira nalo ntchito, ndi kufotokozeredwa m'chiyankhulo chimene amamva komwe dothi, mbewu kapena mayankho ake akupita. Ali ndi ufulu wokana, ngakhale atavomera kale, ndipo kukanako sikungamuchotsere thandizo la boma kapena chithandizo cha kuchipatala. Ngati pali chokayikitsa, mlangizi wa zaulimi, mfumu ndi ofesi ya bwanamkubwa wa boma ndiwo malo oyamba kukafunsako.

Wamalonda amene wauzidwa kuti katundu wa pulojekiti akugulitsidwa afunse kalata ya bungwe lotolera msonkho asanatulutse ndalama, ndipo akatsimikize kalatayo kuofesi ya bungweli imene ili pafupi naye. Sukulu kapena bungwe loitana katswiri wakunja liyambe kupempha zilolezo mlendoyo asanafike, chifukwa chilolezo cha ntchito, cha kafukufuku ndi cha kasitomu zimaperekedwa ndi maofesi osiyana ndipo chimodzi sichilowa m'malo mwa chinzake.