Tisathyole chipatso chisanapse



Kuno kwathu ku Chambe, patsinde pa phiri la Mulanje, rugby si masewera amene tinakula nawo. Ife tinakulira chikulunga ndi ntchemberembaye. Koma abale athu amene anapita ku Joni kukasaka maganyu amabwerako atavala majuzi obiriwira a Springboks, ndipo ndi iwowa amene anatizoloweza kuonera mpira wooneka ngati dzira uja, umene popatsirana ndi manja saloledwa kuuponya kutsogolo. Masiku ano timu ya South Africa ikalengezedwa, ena mwa ife timakangana ngati kuti tinali nawo posankhapo. Wina amati uyu akadali mwana, wina amati uyo ndi wamfupi, winanso amati uja achotsedwe basi, watha ntchito.

Mkangano wotere ndi wokoma, ndipo masewera opanda ochemerera ali ngati ndiwo zopanda mchere. Koma sabata ino tikufuna tidzifunse ngati sitifulumira kuweruza achinyamata. Chizolowezi chimenechi sichithera pa kanema ayi. Timapita nacho ku bwalo la kwathu, kumene amene tikumuweruzayo ndi mwana wa mnansi wathu, ndipo mawu athu amawamva ndi makutu ake.

Tiyambe ndi ntchito ya wosankha timu. Mu rugby mumalowa osewera 15. Mwa iwo 8 ndi akutsogolo, anthu amphamvu okankhana ndi kulimbirana mpira, pamene 7 ndi akumbuyo, othamanga ndi omenya mpira. Pa benchi pamakhala ena 8. Ku chikho cha dziko lonse cha 2023 dziko lililonse linkaloledwa kutenga osewera 33 okha. Choncho mphunzitsi sangolemba mayina a anthu otchuka. Iye ali ngati mmisiri womanga nyumba, amene amafuna nsichi, phaso ndi mzati, chilichonse pamalo pake. Ife oonera timakopeka ndi amene wathamanga ndi mpira, koma sitiona amene anagwa pansi katatu kuti mpirawo upezeke. Tikamati wakutiwakuti sanachite kanthu, kawirikawiri timatanthauza kuti sanachite chimene maso athu amadziwa kuona.

Taganizirani za Cheslin Kolbe. Kwa zaka zingapo anthu ambiri ankati ndi wochepa thupi moti sangalimbe pa masewera a pakati pa mayiko. Mu 2017 anachoka kwawo n'kukasewera ku Toulouse, m'dziko la France, ndipo Rassie Erasmus anamuitana ku Springboks mu 2018. Taganiziraninso za Makazole Mapimpi, amene anakulira m'mudzi wa Tsholomnqa ku Eastern Cape, kutali ndi sukulu zotchuka pa rugby. Iye anavala juzi ya dziko lake koyamba mu 2018 ali ndi zaka 27, msinkhu umene ambiri amati mwayi unadutsa kale. Pa 2 November 2019, ku Yokohama, South Africa inagonjetsa England 32–12 pa masewera omaliza a chikho cha dziko lonse. Amene anakagunditsa mpira pansi kuseri kwa mzere wa England tsiku limenelo anali awiri okha, Mapimpi ndi Kolbe. Wochedwa uja ndi wamfupi uja. Akanakhala kuti osankha timu anamvera chigamulo cha pa benchi ya oonera, mwina onse awiri akanaonera masewerawo ali kunyumba.

Chaka cha 2023 chinatiphunzitsa zambiri kuposa apa. Malcolm Marx, mmodzi mwa akutsogolo odalirika, atavulala mpikisano uli mkati, aphunzitsi sanaitane munthu wa malo ake. Anaitana Handré Pollard, wodziwa kumenya mpira pakati pa milongoti, amene poyamba anasiyidwa chifukwa chovulala. Ambiri anati uku ndi kusewera ndi moto. Ndipo motowo unayakadi, pakuti pa masewera omaliza, pa 28 October, Bongi Mbonambi anavulala masewera atangoyamba. Amene analowa m'malo mwake anali Deon Fourie, bambo wa zaka 37, amene anasewerera dziko lake koyamba ali ndi zaka 35. Iye anapirira mpaka mapeto, Pollard anamenya mapointi onse 12, ndipo South Africa inapambana New Zealand 12–11. Sitikunena kuti aphunzitsi salakwitsa. Pointi imodzi ikanatha kugwera mbali ina, ndipo lero bwenzi tikuwanena. Tikungoti iwo ankaona anthuwa tsiku ndi tsiku pokonzekera, pamene ife tinkawaona mphindi 80 pa sabata.

Koma nkhani imene ikutikhudza kwambiri ndi ya Manie Libbok. Mnyamatayu anali ndi luso lopatsira anzake mpira, koma pa mpikisano womwewo anaphonya kangapo pomenyera ku milongoti, makamaka tsiku limene Ireland inawagonjetsa 13–8. Pa masewera a semifainolo ndi England anatulutsidwa patangotha pafupifupi theka la ola, dziko lonse likuona. Ochemerera ambiri anamulemba m'gulu la anthu otha ntchito. Komabe mu September 2025, ku Wellington, Libbok yemweyo analowa kuchokera pa benchi n'kuyendetsa bwino masewera pamene Springboks inagonjetsa New Zealand 43–10, kugonja kwakukulu kumene All Blacks inali isanakuonepo. Munthu anali yemweyo. Chimene chinasintha n'chakuti anapatsidwa nthawi, ndipo iye sanataye mtima.

Kuweruza msanga kuli ndi nkhope ina, imene ndi kutamanda mopyola muyeso. Patangotha masabata awiri chichitikireni za ku Wellington, Sacha Feinberg-Mngomezulu, ali ndi zaka 23, anapeza yekha mapointi 37 polimbana ndi Argentina ku Durban, kuposa wosewera wina aliyense wa Springboks pa masewera amodzi. Nthawi yomweyo anthu anayamba kumuika pamwamba pa akatswiri onse akale. Luso lake n'loonekeratu, ndipo kusangalala naye si kulakwa. Koma tikumbukire kuti pakamwa pamene pakweza mwana lero ndi pomwepo pamene padzamugwetse mawa akadzaphonya. Mtengo waung'ono ukasenzetsedwa zipatso zambiri, nthambi zimakhadzuka.

Mwina wina afunsa kuti, kodi ndiye ochemerera azingokhala chete? Iyayi. Nthawi zina oonera amaona chilungamo chimene akuluakulu akuchizemba. Siya Kolisi anabadwira ku Zwide mu 1991, m'banja losauka. Ali ndi zaka 12 anaonedwa pa mpikisano wa ana, napatsidwa mwayi wa maphunziro ku sukulu ya Grey mu mzinda wa Port Elizabeth, umene tsopano ukutchedwa Gqeberha. Mu 2018 anakhala munthu wakuda woyamba kusankhidwa kukhala kaputeni wa Springboks, ndipo ananyamula chikho cha dziko lonse kawiri. Nkhaniyi ndi yosangalatsa, koma ili ndi funso lowawa mkati mwake. Kodi ndi ana angati a ku Zwide amene sanaonedwe chifukwa tsiku limenelo panalibe wowayang'ana? Apa ndi pamene mawu a ochemerera ali ofunika. Funso labwino si lakuti mwana uyu walowa bwanji mu timu. Funso labwino ndi lakuti, kodi ana onse anapatsidwa mpata woti aonedwe?

Tsopano tibwerere kwathu, ndipo tivomereze kulakwa kwathu. Chaka china pa bwalo lathu panali mnyamata wa zaka pafupifupi 16 amene anaikidwa pagolo pa masewera a mpira wamiyendo, wamkulu wake atadwala. Mpira wosavuta unamupulumuka m'manja n'kulowa. Tinaseka, tinamupatsa dzina lachipongwe, ndipo dzinalo linamutsata ku sukulu ndi ku msika. Sabata yotsatira sanabwere pokonzekera, ndipo sanabwerenso mpaka lero. Palibe mmodzi wa ife amene anapita kukamuona. Sitikudziwa kuti akanakhala goloboyi wotani, ndipo sitidzadziwanso, chifukwa tinathyola chipatso chisanapse. Libbok anali ndi aphunzitsi, madokotala ndi malipiro zomuthandiza kudzuka. Mwana wa kuno alibe zonsezi. Ali ndi ife basi.

Kasankhidwe ka matimu athu nakonso kafunika kukaunika. Tonse tikudziwa zimene zimachitika mpikisano wa ndalama ukayandikira. Ana amene akhala akubwera pokonzekera miyezi yonse, kuthira madzi pa bwalo ndi kusoka mpira ukaphulika, amakhazikidwa pansi, ndipo m'malo mwawo mumalowa alendo obwerekedwa tsiku lomwelo. Pena pa mpikisano wa ana pamalowa munthu wandevu amene wachepetsa zaka. Pena mtsikana waluso pa ntchemberembaye amasiyidwa kuti mwana wa achibale alowe. Tikapambana motero timavina, koma mwana amene wasiyidwa uja waphunzira kuti khama lilibe phindu, ndipo amene walowa mwachinyengo waphunzira kuti bodza limalipira. Maphunziro awiriwa adzapita nawo ku ntchito, ku banja ndi ku utsogoleri. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba.

Nanga tichite chiyani? Choyamba, tisanaweruze wosewera wachinyamata, timuone kangapo, ndipo tifunse ntchito imene anapatsidwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chachiwiri, tidzudzule zimene wachita, osati umunthu wake. Kunena kuti lero unachedwa kubwerera kumbuyo n'kumuphunzitsa, koma kunena kuti ndiwe wachabechabe n'kumuthamangitsa. Chachitatu, amene timasankha matimu tiike poyera mfundo zathu nyengo isanayambe, monga kubwera pokonzekera, khalidwe ndi zaka zenizeni, ndipo tizitsate ngakhale zitatitayitsa chikho. Wosiyidwa auzidwe chifukwa chake pamaso, mwaulemu, pamodzi ndi chimene ayenera kukonza kuti ulendo wina adzalowe.

Ife a kuno sitiyenera kuphunzitsidwa kudikira ndi anthu akutali. Pa mpikisano wa Porters Race, othamanga akamanyamuka ku Likhubula kukwera phiri, amene watsogola pa chitunda choyamba si nthawi zonse amene amayamba kutsika. Ndipo mkungudza wa m'phiri lathu, mtengo wa fuko lino, umatenga zaka makumimakumi kuti ukhwime. Taona ndi maso athu zimene zimachitika anthu akaudula mosaleza mtima, pakuti malo amene kale anali nkhalango lero ndi zitsa. Achinyamata athu nawonso akhoza kutha chimodzimodzi, mmodzimmodzi, popanda wozindikira.

Choncho sabata ino, pamene tikukangana za amene ayenera kuvala juzi yobiriwira ku chikho cha 2027 ku Australia, tikanganedi ndi mtima wonse. Koma aliyense wa ife akumbukirenso mwana mmodzi wa kuno amene anasiya kubwera ku bwalo. Timudziwa dzina, ndipo tikudziwa kumene amakhala. Tipite tikamuone, tikapepese ngati pakufunika kutero, ndipo tikamuuze kuti malo ake akadalipo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.