ZA M'BANJA MWATHU: Mwana Akakagona ku Msasa, Adzamuitana Dzina Ndani?

Mvula ikatha ndipo udzu ukayamba kuuma, masukulu ena a m'boma la Chongwe ndi a mu Lusaka amatumiza makalata kumakomo, kupempha kuti tilole ana kukagona ku msasa usiku umodzi kapena uwiri, kuti akaphunzire za mitengo, mitsinje ndi nyama. Kalata yotere ikafika m'nyumba, makolo timagawikana pawiri. Ena timakaniratu, amvekere: “Mwana wanga, makamaka wamkazi, sagona kuthengo.” Ena timangosaina osawerenga n'komwe, n'kupereka ndalama, n'kumati aphunzitsi adziwa okha. Kholo loyambalo lamana mwana maphunziro, laciwirilo lamana mwana citetezo. Mwezi uno tifuna tikambirane njira yacitatu: kulola mwana apite, koma titafunsa, titathandiza, ndiponso titadziwa munthu amene wamusenza pamutu pake.

Cifukwa cake tiwalole

Ana athu amamwa madzi tsiku ndi tsiku, koma ambiri sadziwa kumene madziwo acokera. Mtsinje wa Chongwe umalandira madzi a Ngwerere, amene amabwera ndi zonyansa za mumzinda wa Lusaka. Umalandiranso a Chalimbana, amene magwero ake ali m'nkhalango ya kum'mawa kwa Lusaka yochedwa Forest 27. Nkhalangoyi inacotsedwa pa mndandanda wa nkhalango zotetezedwa mu 1983, inabwezedwapo mu 1996 anthu atadandaula, ndipo kuyambira mu 2017 mbali zina zinacotsedwanso kuti pamangidwe nyumba. Anthu a m'tauni ya Chongwe aonapo damu lawo litaphwa m'cilimwe, madzi akucita kubwera pa galimoto. Mu 2024 cilala cinakula mpaka boma linalengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse.

Zimenezi mwana angathe kuzilemba m'kope n'kukhoza mayeso. Koma akaima yekha m'mbali mwa mtsinje, naona zitsa za mitengo imene inasanduka makala, naona mcenga pamene kale panali dziwe, phunzirolo limalowa mumtima. Ndico cifukwa cake makalabu a Chongololo anayambika m'masukulu a dziko lino mu 1972, ndipo ambiri a ife tinakula tikumvera pulogalamu yawo pa wailesi. Kumunsi, kumene Chongwe athira mu Zambezi m'malire a Lower Zambezi National Park, bungwe la Conservation Lower Zambezi, limene linayamba mu 1994, limalandira ana a sukulu kuti agone masiku angapo akuphunzira. Kuno kwathu tili ndi Kasisi, mishoni imene Bambo Jules Torrend anatsegula mu 1905, kumene a Jesuit akhala akuphunzitsa ulimi kuyambira mu 1974, ndipo ndi odziwika pa ulimi wosunga nthaka.

Eklezia saona maulendo otere ngati kutaya nthawi. Papa Yohane Paulo Waciwiri, amene anaceza m'dziko lino mu Meyi 1989, ali wansembe wacinyamata ku Poland ankapita ndi acinyamata kumapiri ndi kumitsinje, nagona nawo ku msasa. Popeza boma la nthawi imeneyo silinkafuna ansembe pakati pa acinyamata, iwo ankamuitana kuti “amalume”. Uthenga woti wasankhidwa kukhala episkopi mu 1958 unamupeza ali pa ulendo wotere wa pamadzi. Nayenso Papa Fransisko, m'kalata yake ya mu 2015 yochedwa Laudato Si', anatikumbutsa kuti kusamala cilengedwe ndi mbali ya cikhulupiriro cathu.

Anayesa kuti ali m'gulu

Tsono ngati ulendo ndi wabwino, coopsa cili pati? Ambiri timayamba kuganiza za njoka ndi afisi. Koma Luka Woyera, pa mutu 2, akutionetsa coopsa cina cimene cimafika mwakacetecete. Yesu ali ndi zaka 12 anapita ku Yerusalemu ndi Maria ndi Yosefe. Pobwerera, iwo anayenda tsiku lathunthu akuyesa kuti mwanayo ali m'gulu la abale ndi anansi, ndipo anakamupeza patapita masiku atatu. Panalibe kholo losasamala pamenepo. Panali gulu lalikulu la anthu abwino, ndipo aliyense anayesa kuti mwana ali ndi wina.

Umu ndi mmene ana amasowera pa maulendo a sukulu. Mphunzitsi ayesa kuti mwana ali ndi mayi wophika, mayi wophika ayesa kuti ali ndi anzake ku nkhuni, anzake ayesa kuti watsala m'basi. Gulu lilibe maso. Maso ali ndi munthu. Ambuye mwini, asanadyetse anthu 5,000 aja, analamula kuti akhale pansi m'magulumagulu a anthu 100 ndi a anthu 50, monga Marko Woyera akusimbira pa mutu 6. Cotero maziko a kukonzekera konse ndi awa: mwana aliyense akhale m'manja mwa mkulu mmodzi wodziwika dzina.

Ife tikulangiza kuti mkulu mmodzi asasunge ana opitirira 10, ndipo akhale ndi maina awo papepala m'thumba mwake. Aziwaitana maina, osati kungowerenga mitu, pakuti mutu umodzi ungathe kuwerengedwa kawiri. Aziwaitana pokwera basi, pamene ponse basi yaima, pa cakudya, pobwera kumtsinje, pokagona ndi podzuka. Mwana aliyensenso akhale ndi mnzake woyenda naye, kuti pasapezeke wopita yekha ku cimbudzi kapena kokatola nkhuni.

Msonkhano wa makolo

Safunsa anadya phula. Tisanasaine kalata, tipemphe akulu a sukulu, kudzera m'komiti ya makolo ndi aphunzitsi, kuti aitanitse msonkhano kudakali masabata angapo. Kufunsa si kunyoza aphunzitsi. Mphunzitsi wokonzeka amakondwa ndi mafunso. Tifunse izi:

Kodi alipo mphunzitsi amene wapita kale kukaona malowo ndi maso, naona pogona, potunga madzi ndi zimbudzi? Ngati malowo ali m'mudzi, kodi amfumu a pamalopo anapemphedwa? Dziko la Asoli, la Amfumu Aakulu Nkomeshya Mukamambo II, lili ndi eni ake, ndipo lili ndi manda ndi malo ena olemekezeka amene alendo sayenera kupondapo.

Kodi cipatala capafupi cili pa mtunda wotani, ndipo pali galimoto imene idzagona pa msasapo usiku? Kodi foni imagwira pamalopo, ndipo ngati sigwira, uthenga udzatipeza bwanji?

Kodi ana adzayenda pa ciani? Tikane lole yosatseka ndi basi yodzaza mopitirira mipando. Tione kuti galimotoyo ili ndi mapepala a RTSA osonyeza kuti ndi yoyenera pamsewu, ndi kuti ulendo udzayamba m'mawa kuti ana afike dzuwa lili pamutu. Great East Road ndi msewu wa malole akuluakulu, suyenera kuyendedwa ndi ana usiku.

Funso lomaliza ndi limene ambiri timacita nalo manyazi: kodi usiku adzagona pafupi ndi ana athu ndani? Atsikana agone kwaokha ndi amayi owayang'anira, anyamata kwaokha ndi abambo. Mkulu aliyense, kaya ndi mphunzitsi, kaya dalaivala, kaya wa kuchalichi, asakhale yekha ndi mwana mmodzi m'tenti kapena kuseri. Akulu awiriawiri azilonda usiku mosinthana, ndipo mowa usapezeke pa msasa. Lamulo la ana la mu 2022, la Children's Code Act, limafuna kuti mabungwe osunga ana akhale ndi ndondomeko yowatetezera. Kufunsa za ndondomekoyo si kuganizira munthu zoipa. Kumateteza mwana, ndipo kumatetezanso mphunzitsi wosalakwa ku mabodza. Ngati aphunzitsi aakazi ndi ocepa, amayi a m'miphakati ndi a m'mabungwe a paparishi adzipereke kuperekeza. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Madzi, moto ndi cisanu

Sitinaiwale kolera imene inacititsa kuti masukulu asatsegulidwe mu Januwale 2024 mpaka pa 12 Febuluwale. Madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe klorini, ndipo pakhale sopo ndi madzi osamba m'manja pafupi ndi cimbudzi ndi pophikira. Owayang'anira anyamule mapaketi a ORS. Akasowa, angathe kusakaniza lita imodzi ya madzi owiritsa, timasupuni 6 tosasefukira ta shuga ndi theka la kasupuni ka mcere, uku akuthamangira naye mwanayo ku cipatala.

Ana akaona madzi, mitima imauluka. Koma m'madzi odikha mumakhala likodzo, ndipo kumunsi kwa Chongwe kuli ng'ona ndi mvuu. Lamulo likhale lakuti palibe wolowa m'madzi popanda cilolezo ca mkulu wodziwa malowo. Mwana akalumidwa ndi njoka, asatemedwe mphini, asayamwidwe bala, ndipo asamangidwe cingwe colimba. Agonekedwe, ciwalo columidwaco cisagwedezeke, ndipo atengedwe msanga kupita ku cipatala.

Usiku wa mu Juni ndi Julaye umazizira kwambiri m'madambo. Mwana anyamule bulangeti lokwanira, juzi ndi cisoti. Mbaula isalowe m'tenti kapena m'cipinda cotseka, pakuti makala amatulutsa mpweya wosanunkha umene umapha anthu ali m'tulo. Kuyambira mu Ogasiti udzu umakhala wouma ndipo mphepo imakula: moto usonkhedwe pamalo opalira, ndipo uzimitsidwe ndi madzi asanagone. Neti ya udzudzu isatsale ngakhale m'nyengo yozizira, ndipo mwana akatentha thupi m'masabata otsatira ulendo, akapimidwe malungo.

Zimene kholo lokha lidziwa

Pali zinthu zimene mphunzitsi sangazidziwe tikapanda kumuuza. Mwana wina ali ndi mphumu, wina khunyu, wina amamwa mankhwala tsiku lililonse pa ola lake, wina amakodzera pamphasa, wina amayenda kutulo. Tikabisa zimenezi poopa manyazi, tikuika moyo wa mwana pangozi. Tipite kwa mphunzitsi amene adzamusunge, timuuze patokha, timupatse mankhwala olembedwa dzina ndi nthawi yake. Nayenso mphunzitsi asunge cinsinsi monga munthu wamkulu. Amayi ndi azakhali akonzekeretse atsikana osinkhuka, awapatse zofunika pa masiku awo a kumwezi, ndipo awauze mayi amene angamufikire popanda mantha.

Tikhalenso pansi ndi mwanayo. Amange yekha katundu wake ife tikuona: mphasa, bulangeti, mbale, kapu, supuni, sopo, toci, nsapato zotseka, kope ndi pensulo. Timuuze dzina la mkulu amene adzamusunge. Timuphunzitse kuti akasocera aime pamalo amodzi n'kumafuula, asamangoyenda. Timuuzenso momveka kuti munthu aliyense akamugwira mosayenera kapena kumuitanira kuseri, akane, afuule, ndipo anene, pakuti ife tidzamukhulupirira.

Wotsala pakhomo

Pali mwana winanso amene amasowa gulu lisananyamuke n'komwe. Ngakhale kuti kuyambira mu 2022 malipiro a m'masukulu a boma anathetsedwa, ulendo wa ku msasa umafunabe ndalama ya basi ndi ya cakudya. Mwana wamasiye, kapena wa kholo limene cimanga cake cinapsa ndi dzuwa, amangoima pampanda kuona anzake akukwera. Kawirikawiri ndiye amene makolo ake amadalira makala, ndiye amene phunziroli likanamuthandiza koposa. Mutu umodzi susenza denga. Sukulu ilole kuti ena apereke ufa, nyemba, nsinjiro kapena mbatata m'malo mwa ndalama. Miphakati isonkhe kangacepe, mabanja abwereketse mabulangeti, ndipo zonsezi zicitike mwakacetecete, kuti wothandizidwayo asalozedwe cala. Mwana wolumala nayenso asasiyidwe cabe cifukwa cakuti palibe amene anaganizapo za njira yomutengera.

Ngati ulendo ugwera pa Lamulungu, tikambirane ndi Bambo Mfumu kapena akatekisiti nthawi ikadalipo, kuti ana asasowe mapemphero, uku tikulemekeza anzawo a mipingo ina. Pemphero lalifupi la madzulo, ana atakweza maso kuona nyenyezi zimene magetsi a mumzinda amabisa, lidzakhala katekisimu amene sadzamuiwala.

Ana akabwera, tisathamangire kufunsa za mbale yotayika. Tiwafunse zimene aona, zimene zawakondweretsa ndi zimene zawaopsa, ndipo timvetsere mpaka amalize. Tikawathokozenso aphunzitsi ndi amayi amene anacezera usiku cifukwa ca ana athu, pakuti nchito imeneyo ilibe malipiro.

Tsono kalata ija ikafika, tisaibise pansi pa mphasa ndipo tisaisaine titatsinzina. Tipite ku msonkhano, tifunse dzina la amene adzaitane mwana wathu usiku, ndipo ngati manja ndi ocepa, tiimirire ife eni ake. Fransisko Woyera wa ku Assisi, amene mu 1979 anaikidwa kukhala nkhoswe ya osamala cilengedwe, awapempherere ana athu, ndipo Angelo Oyera awaperekeze popita ndi pobwera.