TIYEZE MIJIGO YATHU ALENDO ASANABOOLE NTHAKA

Abale ndi alongo a nthambi yathu ya Nthalire,

Tonse tikudziwa kuti mjigo wina umaturutsa madzi caka conse, pamene unzace wa mudzi woyandikana umauma pofika Okotobala. Cifukwa cace ncakuti pansi pathu pano palibe nyanja iai. Pali thanthwe, ndipo madzi amayenda m'ming'alu yace ndi m'miyala yofumbutuka ya pamwamba pace. Woboola akalasa mng'alu timamwa. Akauphonya ndarama zapita.

Tsono madzi amenewa sayenda okha. Amasenza zonse zimene zasungunuka m'menemo, monga mcere usungunukira mu ndiwo. Zina zimakakamira pa dzimbiri la m'mbali mwa mng'alu, zina zimalowerera m'mwala ndi kubisala zaka zambiri, zina zimafika mu ndowa ya mai wa pakhomo. Madzi akasanduka owawasa, zimene zinakakamira zija zimamasukanso.

Wokayika ayang'ane ku Kayelekera, m'boma la anansi athu la Karonga. Yureniyamu wa kumeneko anabwera ndi madzi kale-kale. Madzi okhala ndi mpweya anamsungunula, namyendetsa m'miyala ya mcenga, namsiya pamene anakumana ndi zoolerana za zomera zakale. Cimene madzi anatula, madzi angathe kucinyamulanso. Kampani ya Paladin inatsegula mgodiwo mu 2009, niimika nchito mu 2014. Ya Lotus inaugula mu 2020, ndipo mu 2025 nchito inayambanso. Pafupi pace pali mtsinje wa Sere umene umathira mu North Rukuru, wocokera ku Nyika kunka ku nyanja. Ife sititunga kumunsi kwa mgodiwo ai, koma wanzeru amaphunzira pa khomo la mnzace. Boma lathu la Chitipa nalonso liri ndi miyala imene alendo amaisirira, monga ya ku phiri la Ilomba.

Masiku ano kampani iri yonse yofuna mgodi imabwera ndi buku lalikuru la Cingerezi. M'kati mwace muli cithunzi ca kompyuta coonetsa kumene madzi oipa adzapita pa zaka makumi-makumi. Ife sitinyoza nzeru imeneyi. Akatswiri amaiuza kompyuta kukula kwa ming'alu, kumene yaloza, kuculuka kwa mvula ndi mtundu wa mwala, iyo niwerengera. Koma kompyuta sinalowepo pansi! Imabweza cimene yadyetsedwa. Akatswiri omwewo amabvomera kuti mng'alu ukakula kawiri m'mimba mwace, madzi odutsamo amaculuka ka 8. Cotero mng'alu umodzi umene citsulo coboolera cinauphonya ungathe kugwetsa masamu onse, ndi kufikitsa pa mjigo m'miyezi yocepa cimene buku linati cidzafika adzukulu athu atakalamba.

Kodi tsiku limenelo tidzanena ciani? Tikadzati madzi athu aipa, adzatifunsa kuti: kale anali otani? Ngati tiribe kalata yosonyeza, mlandu watigwera tisanakhale pa bwalo. Adzati miyala yanu inali yotero cikhalire, ndipo mwina adzakhala akunena zoona, pakuti miyala yina imaturutsa yokha fuloraidi wothimbiriza mano a ana. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linaika malire: fuloraidi asapose mamiligalamu 1.5 pa lita, yureniyamu asapose mamaikulogalamu 30, cifukwa amaononga impso. Ndani mwa ife angachule nambala ya mjigo wa m'mudzi mwace?

Ncifukwa cace ife tikuti: coyamba, mjigo uli wonse ndi citsime ciri conse ciyezedwe tsopano, m'dzinja ndi m'cirimwe, ndipo kalata yace isungidwe kwa mfumu ndi kwa komiti ya mjigo. Caciwiri, mlendo wofuna kuboola atiuze pa bwalo, m'Citumbuka ndi m'Cicewa, zitsime zingati anayeza asanajambule cithunzi cace, ndi pamene iye mwini akukayika. Cacitatu, pakati pa nchito yace ndi midzi yathu pakhale zitsime zolondera, zoyezedwa ndi munthu amene sadya malipiro a kampani.

Sitikupempha cifundo ai. Lamulo la za madzi la 2013 liripo, ndipo lamulo lopatsa anthu ufuru wopeza nkhani ku Boma linayamba kugwira nchito mu 2020. Malamulo amenewa ndi athu, koma khasu losiyidwa pa tsindwi silirima.

Makolo anati cakudza siciimba ng'oma, ndiponso madzi akataika saoleka. Pa msonkhano ukudzawu membala ali yense abwere ndi maina a mijigo ya m'mudzi mwace, caka cimene inabooledwa, kuya kwace, ndi mwezi umene imauma. Amai amene mumatunga m'banda kuca, inu ndinu mumadziwa tsiku limene madzi asintha kukoma, musakhale kumbuyo. Mlembi adzalemba zonse, ndipo tidzatenga kalatayo limodzi kunka nayo ku ofesi ya za madzi ku Chitipa.