INSHUWALANSI YA SIENTA: AKULIPIRA NDANI?



Tonse tiidziwa galimoto ija ya Toyota Sienta. Ndiyo itengera odwala athu ku cipatala ca pa Boma, ndiyonso inyamula matumba a mtedza kunka nawo ku msika. Tsono eni ace akamadandaula za mtengo wa inshuwalansi, tisati nkhaniyo nja iwo okha. Ndarama imeneyo icokera m'thumba mwa ife okwera.

Lamulo la pa mseu la 1997 liti galimoto iri yonse ikhale ndi inshuwalansi ya third party. Imeneyi ilipira munthu wina amene wapwetekedwa kapena kuonongeredwa katundu; galimoto ya mwiniyo siikonzedwa ai. Wofuna kuti yacenso ikonzedwe agula ya comprehensive, imene mtengo wace utsata mtengo wa galimotoyo. Apa ndi pamene pagona bvuto. Sienta ibwera kucokera ku Japan itayenda kale, igulidwa ndi ndarama zakunja, zitsulo zacenso nzakunja. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023. Motero galimoto irikukalamba m'maenje a mseu wathu wafumbi, koma pa pepala irikukwera mtengo, inshuwalansi nikwera nayo pamodzi!

Galimoto yonyamula anthu olipira ilipitsidwa koposa ya pabanja. Pothawa ici, ena alembetsa Sienta ngati ya pabanja, m'mawa mwace nkuyamba kuitanira anthu pa siteji. Ena alonga anthu 10 m'galimoto ya mipando 7, wina nkukhala mpando umodzi ndi dalaivala. Amenewa sitiwaikira kumbuyo, ngakhale ali ana athu omwe. Tsiku la ngozi kampani idzatulutsa pepala lija niti, munaswa pangano. Nanga mai wothyoka mwendo uja adzalima bwanji caka cimeneco?

Koma makampani nawonso ayankhe. Polandira ndarama sacedwa. Polipira afuna lipoti la polisi, kalata ya dokotala, ndi maulendo a ku Blantyre, Lilongwe kapena Mzuzu, kufikira munthu wa kumudzi atopa nazisiya. Pangano lenilenilo lilembedwa m'Cingerezi ca maloya. Kodi munthu angasunge bwanji pangano limene sanalimve?

Woyang'anira makampani awa alipo: ndiye Gavanala wa Reserve Bank of Malawi, amene alinso Registrar of Financial Institutions. Ife titi nthambi imlembere kalata yopempha kuti mitengo ya inshuwalansi ya magalimoto onyamula anthu ilengezedwe poyera, mapangano alembedwe m'cinenero cathu, ndi kuti wobvulala azitha kudandaula pa Boma lace lomwe. Eni ma Sienta a m'dera lino abwere ndi mapepala ao pa msonkhano ukudzawu, tidzawerengere pamodzi zimene analipira caka catha ndi caka cino, kuti kalatayo ipite ndi manambala enieni.