ZA ALIMI: THUKUTA LA MUNTHU NDI LA ZIWETO ZACE

Alimi anzanga a m'boma la Mulanje, m'mwezi wa October nchito yopanga mizere imakula, dzuwa nalonso limakula. Tsono tikambe za thukuta.

M'khungu la munthu muli tizitsime ta thukuta ta mitundu iwiri. Mtundu woyamba, umene madokotala amaucha eccrine, uli m'thupi monse, koma wacuruka m'zikhatho, ku mapazi ndi pa mphumi. Tizitsime timeneti tiripo pakati pa 2,000,000 ndi 4,000,000 pa munthu mmodzi. Timaturutsa madzi a mcere pang'ono, ndipo madziwo akamauma pa khungu thupi limazizira. Cimene ciziziritsa ndi kuumako, osati kunyowa ai. Kuno kunsi kwa phiri, mvula ikayamba mpweya umakhala wa cinyontho ndipo thukuta siliuma msanga. Ndico cifukwa cace othyola tiyi m'December amamva kutentha ngakhale kuli mitambo.

Munthu wolima pa dzuwa akhoza kutaya lita imodzi ya madzi pa ola limodzi. Lawirirani kumunda, nyamulani madzi kapena thobwa, ndipo musadikire ludzu. Mnzanu akayamba cizungulire, nalankhula zosamveka, thupi liri moto, mgonekeni pa mthunzi, mthireni madzi, mkupizeni, ndi kufulumira naye ku cipatala. Nthenda imeneyi imapha.

Mtundu waciwiri, apocrine, uli m'khwapa ndi m'malo obisika, ndipo umayamba nchito munthu akatha msinkhu. Thukuta lace liribe pfungo. Limanunkha tizirombo ta pa khungu tikayamba kulidya. Mankhwala ace ndi sopo ndi madzi basi.

Nanga ziweto? Ng'ombe imacita thukuta, koma ifunabe mthunzi ndi madzi. Nkhumba ndiyo ya tsoka: tizitsime tace ntocepa, ndipo tiribe mphamvu yoiziziritsa. Anthu amainena kuti njauve cifukwa igona m'matope, koma matopewo ndiwo thukuta lace. Folerani khola ndi udzu, muikonzere malo a madzi oti izibvimvinizikamo. Nkhuku iribiretu thukuta. Mukaiona yayasama kukamwa, mapiko ali pansi, yapsa.

Cimene cimandiwawa ine ndi kuona nkhumba yomangidwa pa njinga masana, kapena nkhuku zopanikizana m'dengu, ulendo wa ku msika wa Limbuli kapena Chitakale. Zina zimafera pa njira. Nyamukani nazo mbanda kuca, nkhumbayo muifunditse thumba lonyowa.