Msiyeni Mtchona Awerenge

Pakati pa ife a ku Malawi okhala ku Sunningdale, mumzinda wa Harare, pali mlandu umodzi umene munthu amagamulidwa popanda bwalo: kutseka chitseko n'kutsegula buku. Ena amati wanyada, ena amati wasanduka mzungu, ena amafunsa ngati akudwala. Ine ndikuti mlanduwu ngwabodza, ndipo ogamulawo ndiwo akutisaukitsa.

Taonani mmene Disembala amathera kuno. Abale ochokera ku Joni, akadutsa pa Beitbridge, amagona kwathu asanalowere ku Nyamapanda, Tete ndi Mwanza. Loweruka kuli ukwati, Lamlungu tchalitchi, madzulo msonkhano wa bungwe la maliro. Ana amasamukira pansi kuti alendo agone pabedi, mphika sutsika pamoto. Zonsezi timachita mokondwa. Koma Januwale akafika, alendo atapita, mayi kapena bambo akakhala pakhonde ola limodzi ndi buku, walakwira yani?

Mudzandiyankha ndi mwambi: kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Zoona. Agogo athu amene anabwera ku Halale wapansi, ena nthawi ya Chitaganya pakati pa 1953 ndi 1963, sakanapulumuka aliyense payekha. M'migodi, m'mafamu a fodya ndi m'makomboni, munthu akamwalira ankaikidwa ndi anzake a bungwe la maliro chifukwa abale anali kutali. Umodzi umenewo sindikuunyoza.

Koma agogo omwewo ankawerenga. Ntchito ya mpingo pakati pa anthu a ku Nyasaland ku Salisbury, imene lero ndi Sinodi ya Harare ya CCAP, inayamba mu 1912, ndipo Buku Lopatulika litatuluka mu 1922 linatsatira apaulendo m'mitolo yawo. Wodziwa kulemba ndiye ankalembera anzake makalata opita kumudzi, ndiye ankawawerengera mayankho. Nzeru zimene ankathandiza nazo gulu ankazitola ali chete, payekha. Palibe ankamunena kuti ngwonyada.

Ndipo mapepala atiluma kale. Mu 2001 boma la Zimbabwe linasintha lamulo la unzika, anthu ambiri obadwira konkuno kwa makolo a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique n'kupezeka kuti ndi alendo m'dziko limene mchombo wawo unagwera. Malamulo aakulu a dziko a 2013, pa ndime 43, amati wobadwira muno malamulowo asanatuluke, amene kholo lake linali nzika ya dziko la SADC, ndiponso amakhala muno, ndi nzika yobadwa. Mawu amenewa samveka pa phokoso la paukwati. Pamafunika wina pabanja amene anazolowera kukhala pansi n'kutsata chiganizo chachitali mpaka pothera. Munthu amene mukumuseka lero ndiye mudzamugogodere mawa chitupa chikavuta.

Nanga chinenero? Ana athu amayankhula Chishona ndi Chingerezi, ndipo m'pofunika kutero. Koma Chichewa chawo chikutsala cha moni ndi nyimbo za pamaliro basi. Adzakumana kuti ndi Nthondo wa Samuel Josia Ntara, buku la 1933? Adzamudziwa bwanji John Gwengwe wa Kukula ndi Mwambo, kapena Willie Zingani wa Madzi Akatayika? Sukulu za kuno siziwapatsa mabuku amenewa. Mwana amawerenga akaona mkulu akuwerenga, ndipo mkulu sangawerenge ngati aliyense wodutsa pamsewu ali ndi ufulu womudzutsa pampando.

Chodabwitsa n'chakuti foni sitiiimba mlandu. Anthu asanu akhoza kukhala pabalaza limodzi, aliyense maso pa WhatsApp, osayankhulana, timati akucheza. Mmodzi akatulutsa buku, ndiye wodzipatula. Chimene timadana nacho si kukhala chete ayi. Timaopa kuti wowerengayo wapita kumene ife sitingamulondole.

Tsono ndikupempha zinthu zitatu. Mukapeza mnansi ali ndi buku, perekani moni, ndipo ngati si matenda kapena maliro, nkhani yanuyo idikire. Mbale akamachokera ku Blantyre, pamodzi ndi usipa, mpunga wa Kilombero ndi Nali, mumutume buku limodzi la Chichewa la ku CLAIM; silemera ngati thumba la mpunga. Ndipo tsiku lina Loweruka mukwere kombi ndi mwana kupita ku Harare City Library pa Rotten Row, kumene Doris Lessing, amene anakulira m'dziko muno, anasiyira mabuku ake oposa 3,000.

Pamaliro tidzabwera, ndiwo tidzasonkha, alendo tidzawayalira mphasa monga kale. Ola limodzi lokhalo mutisiyire.